Anatsegula Mtsempha wa M'khosi, Magazi Anatayikira mu Ubongo

Ndikupatsani moni nonse amene mumawerenga pa tsamba lino, abale ndi alongo anga mwa Ambuye, ndi inunso amene mwangodutsirapo. Dzina langa ndine Enelesi, ndimakhala m'tauni ya Mangochi, ndipo ndine mkazi wa munthu amene magazi anamutayikira mu ubongo madokotala atangomaliza kumutsegula mtsempha wa m'khosi. Ambiri mwakhala mukufunsa chifukwa chimene ndinasiyira kulemba pano, ena mpaka kundiuza kuti ndinabwerera m'mbuyo. Lero ndafuna ndikuuzeni zimene zinatigwera. Ndineneretu kuti umboni wangawu si wa nthungululu. Mulungu anatipulumutsa, zimenezo sindikana, koma m'kamwa mwanga mukadali mowawa, ndipo sindingameze malovu n'kunama pamaso pake kuti anthu asangalale.

Amuna anga ndi a Yosefe. Anabadwira ku Chiponde, kumalire ndi Mozambiki, m'banja la Chisilamu, ndipo kwawoko dzina lawo ndi Yusufu. Tinakumana ku Blantyre, ine ndili mtsikana wochokera ku Ntcheu, iwo akuphunzira ntchito yophika. Atalowa mpingo wathu n'kundikwatira, abale awo anawatenga ngati munthu amene anaikidwa kale m'manda. Amene anaumitsa mtima kuposa onse anali mlongo wawo wamkulu, Abiti Jafali, mayi amene anawalera makolo awo atamwalira. Ku ukwati wathu sanabwere. Ana athu atabadwa sanatumize ngakhale kasopo. Nthawi ina tinakumana pa msika muno m'Mangochi, ndinagwada pang'ono n'kupereka moni, iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kutembenukira kwa wogulitsa tomato ngati palibe amene walankhula.

A Yosefe nawo anatseka chitseko chawo. Za ku Chiponde sankazikamba, ndipo Chiyao anachisiyiratu. Zaka zonse za banja lathu sindinawamvepo akulankhula Chiyao m'nyumba, ngakhale pokalipa, ngakhale poseka. Ine ndinangotolako moni ndi timawu ta pa msika.

Anali mkulu wa ophika pa hotela ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kuntchito. Anali munthu wa thupi, wa mawu aakulu, wokonda kuseka. Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, koma mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo, ati poti sankamva kupweteka paliponse. Chiyambi cha mavuto athu chinali chaching'ono. Tsiku lina anandiuza kuti diso lakumanzere lachita mdima ngati munthu wagwetsa katani, kenako layeranso lokha. Tinati mwina ndi utsi wa kukhitchini. Patapita nthawi, akupala chambo kuntchito, mpeni unangogwa m'dzanja lamanja ndipo mawu anawakanirira pakhosi. Anzawo asanamalize kufuna galimoto, zonse zinali zitabwerera m'malo mwake, iwo akuseka kuti anthu amantha.

Ine sindinaseke. Ndinawakakamiza kupita ku Blantyre, kumene anawajambula khosi ndi mutu. Adokotala anatikhazika pansi n'kutiuza kuti mtsempha waukulu wa kumanzere kwa khosi, umene umapititsa magazi ku ubongo, wadzaza mafuta ouma mpaka kwangotsala kanjira ngati diso la singano. Anati zimene zinawachitikirazo zinali chenjezo chabe, sitiroko yeniyeni ili m'njira, ndipo ikadzafika mwina sadzadzukanso. Njira imene anatilangiza inali yoika kachitsulo koluka ngati kaukonde m'kati mwa mtsemphawo kuti ukhale wotseguka. Kachitsuloko amakatcha sitenti. Anati ntchito imeneyo tikaipeza kunja, ndipo thandizo la zachipatala la kuntchito kwawo linavomera kutitumiza ku India.

A Yosefe anachita mantha, anati bola angomwa mapiritsi n'kudikira chifuniro cha Mulungu. Mayi amene ankatsogolera gulu lathu la mapemphero anabwera kunyumba, anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mlongo, mukukafuna chiyani kwa amwenye chimene Yesu alibe?” Ndinawayankha kuti nzeru za madokotala anapereka ndi Yesu yemweyo. Ndine ndinalimbikira za ulendowo, ndine ndinalongedza zikwama, ndine ndinawagwira dzanja m'ndege. Ndikunena zimenezi poyera chifukwa ndi chikwapu chimene anthu anadzandikwapula nacho pambuyo pake.

Kuchipatala kuja anatilandira bwino. Adokotala anali mayi wofatsa, anatifotokozera kuti pali zoopsa zingapo zimene zimachitika kwa anthu ochepa, ndipo kutayika kwa magazi m'mutu anakutchula. Ndinamva, koma ndinamva ngati mmene timamvera za ngozi za pa msewu, zogwera ena. Ntchitoyo anaigwira m'mawa. Sanawang'ambe khosi ayi, analowetsa kachubu pa mtsempha wa pa ntchafu n'kukakankhira mpaka kukhosi, iwo ali maso. Anatuluka akumwetulira, akunena kuti dziko lawala, ndipo anayamba kudandaula za tiyi wa kumeneko kuti amathira zokometsera zambiri. Ine ndinaimbira ana athu, ndinaimbira a mpingo, ndinalemba pa tsamba lino kuti Yehova wachita. Ena a inu mukukumbukira, munalemba maameni ambirimbiri.

Dzuwa litapendeka, a Yosefe anagwira mutu chakumanzere, kuseri kwa diso. Anati, “Enelesi, mutu ukung'ambika.” Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinawamva m'mawu awo akale aja. Anamwino atayeza anapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri, anawabaya mankhwala, koma iwo anayamba kusanza, kenako thupi lonse linagwedezeka ngati wakhunyu, maso n'kutembenuka. Anandikankhira kunja. Ndinaima m'khonde la chipatala cha dziko la eni, nsapato za amuna anga zili m'manja, osadziwa ngakhale kuti ndazinyamula liti.

Adokotala atabwera, nkhope yawo inali itagwa. Anandionetsa chithunzi cha mutu, pamene panali poyera ngati mtambo, n'kunena kuti amenewo ndi magazi. Anandifotokozera kuti timitsempha ta mu ubongo tinali titazolowera magazi obwera modontha kwa zaka zambiri, tsono njira itatseguka magazi anabwera ndi mphamvu, kamtsempha kena n'kuphulika. Ndinakumbukira mapaipi akale a kwathu, mmene amaphulikira madzi akabwera mwamphamvu atasowa nthawi yaitali. Kenako anandiuza chinthu china choopsa. A Yosefe ankamwa mankhwala osungunula magazi kuti sitenti isatsekeke. Akapitiriza mankhwalawo, magazi a m'mutu akhoza kuwonjezereka. Akawasiya, kachitsulo kaja kakhoza kutsekeka n'kubweretsa sitiroko imene tinkaithawa ija. Uku kuli imfa, uko kuli imfa. Madokotala aja sindiwatukwana, ndinawaona ndi maso anga akulimbana, akusintha mankhwala mosamala, akubwerabwera pa bedi. Koma mumtima ndinafunsa Mulungu kuti, kodi munatiwolotsa nyanja zonsezi kuti mudzatichitire chipongwe pamaso pa anthu achilendo?

A Yosefe anakhala nthawi yaitali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, makina akuwapumira. Ine ndinkaloledwa kulowa kwa kanthawi kochepa, nthawi yotsalayo ndinkakhala pa benchi pakati pa anthu amene sitinkamvana chilankhulo. Pa lamya mauthenga anayamba kuchepa. Amene ankalemba maameni aja ena anangoti zii, ena anayamba kunditumizira mavesi onena za anthu osamvera.

Atatsitsimuka, sanali a Yosefe amene ndinapita nawo. Mbali yonse yakumanja inali yakufa, pakamwa panapotoka, ndipo mawu onse anali atachoka, Chichewa ndi Chingerezi chomwe. Panatsala liwu limodzi lokha, limene ankalibwereza mosalekeza: “Mesi... mesi.” Ndinkadziwa kuchokera pa msika kuti m'Chiyao mesi ndi madzi, choncho atawalola kumeza ndinkawapatsa madzi. Nthawi zina ankamwa, koma nthawi zambiri ankakankha kapu ndi dzanja lamanzere, akundiyang'ana mokwiya, n'kupitiriza kuti mesi, mesi. Tsono ku hotela kuja kunali mtsikana wina woperekera zakudya, dzina lake Mesi. Sindinawaonepo ndi kanthu kalikonse, koma mtima wowawa susankha tanthauzo labwino. Ndinkawapukuta, ndinkawasambitsa, ndinkawadyetsa phala ndi supuni, iwo n'kumaitana dzina la mkazi wina. Nkhani imeneyi sindinauze munthu, ndinangoimeza, ndipo inkandiwotcha ngati khala.

Tinabwerera kuno kumudzi a Yosefe ali pa njinga ya olumala. A ku hotela anatilandira ndi ulemu wonse, anatipepesa, kenako anatiuza mofatsa kuti nyumba ikufunika kwa wophika watsopano. Munthu amene anadyetsa alendo awo kwa zaka zambirimbiri anatuluka pa geti atamunyamula ngati thumba la chimanga. Tinapeza kanyumba ka lendi m'tauni muno. Ana athu ali kutali, wina pa banja ku Lilongwe, wina ku sukulu, ankabwera akapeza mpata, koma katundu wa tsiku ndi tsiku anali wanga.

Masiku oyamba a mpingo anabwera mwaunyinji. Anaimba, anajambula zithunzi atazungulira bedi, n'kuziika pa masamba awo. Kenako anayamba kubwera awiriawiri, kenako palibe. Mayi wa mapemphero uja anabwera kamodzi, anayang'ana a Yosefe malovu akuchucha, n'kundiuza motsitsa mawu kuti kusamvera kuli ndi malipiro ake. Anyamata ena anabwera ndi mabotolo a madzi odzozedwa, ati ndisiye kuwapatsa mapiritsi chifukwa mapiritsi amatsekereza chozizwitsa. Kunja nako nkhani inali itamera mapiko. Ena ankati amuna anga anamenyedwa hamala ndi afiti a kuntchito. Ena ankati hamalayo ndinatumiza ndine, ndipo ulendo wa ku India unali wongophimba anthu m'maso. Ndikapita kukagula makala, amayi ankasiya kulankhula, ndikadutsa n'kuyambiranso. Ine amene ndinalimbana kuti munthu akhale ndi moyo, ndinasanduka mfiti m'tauni ya eni.

Inu amene simunasamalepo munthu wakufa ziwalo, simungadziwe kulemera kwa thupi la munthu amene sangadzithandize. Kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumuchotsa zoipa, kuchapa zofunda mpaka manja kusupuka, ndiponso kutentha kwa Mangochi kumene inu mukukudziwa. Msana wanga unayamba kupweteka mpaka kumwendo. Kupemphera ndinasiya. Ndinkagwada ndithu, koma pakamwa sipankatuluka kanthu, chifukwa ndinalibe mawu abwino oti ndiuze Mulungu ndipo oipawo ndinkaopa kuwanena.

Tsiku lina masana ndikuwatembenuza, anandipulumuka n'kugwa pa simenti. Anadziipitsira pomwepo. Ndinayesa kuwadzutsa, ndinalephera. Ndinatuluka kukafuna thandizo, koma amuna a m'nyumba zoyandikana anali ku ntchito, ndipo mayi amene ndinamupeza anati ali ndi mphika pa moto. Ndinabwerera, ndinakhala pansi pambali pawo, iwo akulira ngati mwana, akuti mesi, mesi. Pamenepo ndi pamene ndinapemphera, ndipo silinali pemphero la ulemu. Ndinati, Ambuye, ngati muli ndi munthu, mutumizeni. Ngati mulibe, titengeni tonse awiri lero lomwe, chifukwa ine ndatha.

Sindinganame kuti mngelo anagogoda nthawi yomweyo. Palibe anabwera. Ndinawapukuta pansi pomwepo, ndinakoka matiresi n'kuwagubuduzirapo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankagona pansi chifukwa ndinalibe wondithandiza kuwakweza pa bedi.

Patadutsa masiku angapo, njinga yamoto ya kabaza inaima pakhomo. Anatsika mayi wamtali wachikulire, atafunda mpango wakuda, fumbi la msewu lili mbuu. Ndinawazindikira asanatembenuke. Anali Abiti Jafali. Moni sanandipatse. Anati, “Ndamva kwa anthu a malonda kumalire kuti mlongo wanga mwamusandutsa ndondocha. Ndabwera kudzamutenga.” Ndondocha, kwa inu a kutali, ndi munthu amene amati wapusitsidwa ndi mankhwala kuti azibweretsera wina chuma. Ndinalibenso mphamvu yokangana. Ndinangopatuka pa chitseko n'kunena kuti, “Lowani alamu, mukaone chuma changa.”

Analowa mwaukali, koma atafika kuchipinda anaima chilili. Anayang'ana munthu wowonda uja pa matiresi, anayang'ana zofunda zochapa, mapiritsi pa zenera, beseni ndi nsanza zopukutira. Anagwada, anavundukula nsalu n'kuyang'ana msana ndi m'chiuno ngati mayi woyang'ana khanda, kufuna zilonda, ndipo sanapeze n'chimodzi chomwe. Kenako anawagwira nkhope ndi manja awiri n'kuyamba kulankhula Chiyao, mofulumira, mokalipa, misozi ikutsika. Sindinamve zimene ankanena. Chimene ndinaona n'chakuti maso a amuna anga, amene kwa miyezi ankangoyendayenda ndikamalankhula, anaima pa nkhope ya mlongo wawo. Abiti Jafali anafunsa kanthu kena, ndipo a Yosefe anatsegula pakamwa, anavutika, n'kunena kuti, “Elo.” Ndiye kuti inde.

Alamu anatenga dzanja lamanzere lija n'kuyamba kuwerenga zala m'Chiyao ngati mmene amachitira ndi mwana. Atafika pa chala chachinayi anakhala chete dala, ndipo amuna anga anamaliza okha kuti, “Mcheche.” Munthu amene ndinkaganiza kuti mutu wake ndi nyumba yopsa, m'kati munali mukadali munthu, kungoti khomo limene linatsala lotseguka linali la chilankhulo cha ubwana wake, chimene ine sindinkachidziwa.

Tsiku lomwelo, sindikudziwa chimene chinandigwira, ndinawauza alamu za Mesi uja. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati, “Munthu uyu akufuna kutembenuka akuti mesi, akumva kutentha akuti mesi, akufuna inuyo akuti mesi. Ndi mbale imodzi yokha yamutsalira, ndiye akudyera momwemo chilichonse.” Pambuyo pake mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo kuchipatala, anatsimikiza zomwezo, kuti anthu ovulala mbali imeneyo ya ubongo amatha kutsala ndi liwu limodzi, ndipo ena chilankhulo chimene anayamwira chimabwerera msanga kuposa chimene anaphunzira atakula. Miyezi yonse ija ndinkawawidwa ndi mkazi amene sankamuitana n'komwe, pamene amuna anga ankandiitana ineyo ndi liwu lokhalo limene anali nalo.

Abiti Jafali sanamutenge mlongo wawo. Anatuma wa kabaza uja kuti akawatengere zovala, malonda awo a nsalu anasiyira mwana wawo, ndipo anakhala. Musaganize kuti tinakumbatirana n'kukhala pa chinzake. Sanapepese za zaka zija, mpaka lero sanapepese. Anabwera ndi mapoto awo, ankaphika paokha, nthawi ya mapemphero awo a swala ikakwana ankayala mkeka wawo pabalaza pansi pa chithunzi cha ukwati wathu umene anaukana. Ankandidzudzula kathiridwe ka mchere, kayanikidwe ka zovala, chilichonse. Koma m'mawa uliwonse iwo ankagwira kumapewa, ine kumiyendo, n'kuwakweza a Yosefe pa mpando. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni ku India ndinagona tulo masana, munthu wina akuyang'anira.

Alamu ndiwo anakafunsa za mafizo, ndiwo ankakangana ndi a kabaza kuti atinyamule bwino, ndiwo ankakhala maola ambiri akuwalankhulitsa, kuwatchulira mayina a anthu a ku Chiponde, mitsinje ya kwawo, nyimbo zimene mayi awo ankaimba popeta. Tsiku lina anyamata awiri a mabotolo a madzi odzozedwa aja anabweranso, akuti mapiritsi titaye. Alamu anaimirira pa khomo n'kuwafunsa kuti, “Kachitsulo kali m'khosi mwa munthuyu kakatsekeka, mudzabwera kudzakumba manda ndinu?” Sanabwerenso.

Ndinali ndi mantha amodzi, akuti mwina abwera kudzawabweza ku Chisilamu pamene alibe pakamwa pokanira. Ndinalimba mtima n'kuwafunsa. Anapitiriza kusisita dzanja lakufa lija ndi mafuta, osandiyang'ana, n'kunena kuti, “Za Mulungu adzayankha yekha akadzapeza mawu. Ine ndabwera chifukwa cha mimba imene tinatulukamo.”

Apa ndiyenera kunena chowawa china, chifukwa umboni wobisa si umboni. Zinkandipweteka kuona amuna anga akubwerera kudzera m'chilankhulo cha anthu amene anandikana. Iwo awiri ankatha kumvana, nthawi zina mpaka kuseka, ine nditaima ndi beseni ngati wantchito m'nyumba mwanga momwe. Ndinafunsa Mulungu kuti, mwa anthu onse a m'dziko muno, mwasowa wina woti mutume? Ndinasala kudya ndi amayi a mpingo kwa zaka, ndinaphika pa maliro awo, ndinagona pa zipatala ndi odwala awo, koma pa tsiku langa munatuma munthu amene anakana ngakhale moni wanga. Ndinangoyamba kuphunzira Chiyao ngati mwana, alamu akundiseka katchulidwe, mpaka ndinatha kufunsa amuna anga ngati akumva kupweteka ndi kumva yankho lawo.

Chichewa chinabwera mochedwa, ndipo chinabwera tsiku limene sindinkachiyembekezera. Ndinali nditagwada ndikuwaveka nsapato kuti tiyese kuimirira, msana ukundibaya. Ndinamva dzanja lamanzere likundigwira pamutu. Anavutika nthawi yaitali, kenako anati, “Wa... watopa, iwe.” Ndinalira ngati pa maliro. M'miyezi yonse ija palibe munthu wa mpingo, palibe mnansi, amene anandiuza mawu amenewo. Anandiuza ndi munthu amene ndinkamuyesa kuti sakuona kanthu.

Lero a Yosefe amayenda ndi ndodo, mwendo akuukoka. Dzanja lamanja silinabwerere, ndipo madokotala sakutilonjeza. Amalankhula mosakaniza, Chiyao apa, Chichewa apo, mawu ena amasowa pakati n'kukwiya mpaka kumenya ndodo pansi. Baibulo sangathe kuwerenga, ndimawawerengera ndine. Ntchito sadzagwiranso. Titapita kukaonetsa ku Blantyre, anatiuza kuti sitenti ili bwinobwino, magazi akuyenda mosavuta. Ndinaseka kuseka kowawa, chifukwa mtsempha unachira koma munthu anatsala theka. Komabe mukandifunsa ngati ndikudandaula kuti tinapita, ndikuuzani kuti ayi. Ndinaona chithunzi cha kanjira kaja ndi maso anga. Tikanakhala, mwina bwenzi ndikukulemberani ngati mayi wamasiye, ndipo omwewo amene akundinena lero bwenzi akuti ndinamulekerera.

Alamu anabwerera ku Chiponde, koma amabwera pafupipafupi ndi chinangwa ndi nandolo, n'kuyamba kundidzudzula asanakhale n'komwe pansi. Ku mpingo ndimapitabe, ndimakhala kumbuyo. Ena anandilangiza kuti ndikamapereka umboni ndisatchule kuti wondithandiza anali Msilamu, ati zingafooketse ofooka. Ndawatchula dala, chifukwa sindingathokoze Mulungu n'kubisa dzanja limene anagwiritsa ntchito. Za kukhululuka ndikulimbana nazo. Pali anthu amene ndikawaona akukweza manja poimba, mtima umandiwira. Ndimauza Ambuye zoona, kuti sindinafike, andidikire.

Tsono ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano la mkazi wokhala pa simenti, osandilanga nalo. Ndikuthokoza madokotala amene sanatithawe zinthu zitavuta, ndi mayi wa mafizo amene sanatope nafe. Ndikuthokoza alamu anga Abiti Jafali, amene sadzawerenga izi, ndipo atamva kuti ndawalemba akhoza kundikalipira.

Kwa inu amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, imwani mankhwala anu ngakhale simukumva kupweteka. Diso likachita mdima, dzanja likafooka, mawu akakanirira ngakhale kwa kanthawi, musadikire, thamangirani kuchipatala. Ngati m'bale wanu waikidwa kachitsulo kotere ndipo akudandaula mutu, fuulani mpaka anamwino abwere, musaope kuoneka ovuta. Ndipo inu amene mukusamala wodwala muli nokha, anthu akukunenani, mapemphero akukanika kutuluka, musadzione ngati ochimwa chifukwa mwakwiya. Muuzeni Mulungu mkwiyo wanuwo, ali ndi chifuwa chachikulu. Pirirani lero lokha, mawa mudzapirirenso la mawa. Thandizo likhoza kuchedwa, likhoza kubwera likukalipa, likhoza kusakubwezerani zonse zimene munataya, koma musamusankhire Mulungu munthu woti atume.

Ndisiyire pomwepa, chifukwa ndikumva ndodo ikugogoda pansi, ndiye kuti nthawi yoyenda yakwana. Dzulo tinafika pa mpope wa madzi n'kubwerera. Lero iwo akuti tikafike pa mtengo wa mango wa pa mphambano, ine ndikuti ndi patali, koma akana. Mutipempherere. Ambuye akusungeni nonse.